Malenzi atatu pa mchenga wa Senga Bay: Sony, Sigma ndi Zeiss

Mwezi wa July ndinasunga malenzi atatu a kamera m'chikwama chimodzi kwa masiku 12, ndipo tulo sindinkagona bwino. Ndalama ya atatuwo pamodzi ikanandigulira puloti kuno ku Salima n'kuumbitsanso njerwa. Usiku ndinkaika chikwamacho kumutu kwa bedi, mpaka mayi a kunyumba anandifunsa ngati muli mwana m'menemo.

Mwa atatuwo, yanga inali imodzi yokha, Sony FE 16-35mm f/2.8 GM, yoyamba ija yomwe inatuluka mu 2017. Ndi imene imandidyetsa. Ndimajambula maukwati, zinkhoswe, misonkhano ya mabungwe yomwe imachitikira kunyanja kuno, ndi zipinda za malo ogona alendo akafuna zithunzi zoika pa intaneti. Yachiwiri inali Sigma 14-24mm f/2.8 DG DN Art ya mnzanga wa ku Lilongwe, yemwe anabwera kudzapuma ku Senga Bay ndi banja lake n'kundisiyira lenziyo pamodzi ndi kamera yake chifukwa ankapita kumudzi kumaliro a chipongozi. Yachitatu inali Zeiss Batis 18mm f/2.8. Msuweni wanga anaigula yogwiritsidwa kale ntchito ku Johannesburg ndipo amafuna ndimuyesere asanaigulitse, kapena, monga ankanenera iye akuseka, ndiigule ndine.

Onse atatu ndi malenzi otambalala, oti amakokera malo aakulu m'chithunzi chimodzi. Nambala ikachepa, malo olowa amachuluka. Pa kamera ya sensa (kachipangizo ka mkati kolandira kuwala) yaikulu ngati zimene ndinagwiritsa ntchito, 14mm imaona madigiri pafupifupi 114 kuchokera kona ina kufika kona ina, 16mm imaona 107, pomwe 18mm ili cha pa 100. Papepala 14 ndi 16 zimaoneka ngati mapasa. M'chipinda chaching'ono cha alendo, chokhala ndi bedi, neti ndi khomo la bafa, mamilimita awiriwo ndi amene amagamula ngati windo loona kunyanja lilowe m'chithunzi kapena litsale panja, ndipo windo limenelo ndi limene mwini malo akulipirira.

Kamera yanga ya tsiku ndi tsiku ndi Sony A7 III ya mamegapikiseli 24. Ya mnzangayo ndi A7R III ya mamegapikiseli 42, ndipo ndi imene ndinayesera chifukwa simabisa kalikonse. Lenzi ikakhala ndi chilema, kamera imeneyi imakuuza poyera. Ndinkaika kamera pa sitandi ya miyendo itatu, n'kumasintha lenzi osasuntha sitandiyo, kujambula RAW (fayilo yosunga zonse zomwe sensa yaona), ISO 100 masana (ISO ndi nambala yomwe umaikweza kuwala kukachepa), kuyamba pa f/2.8 kenako f/4, f/5.6, f/8 ndi f/11. Nambala ya f ikamakwera, kabowo kolowera kuwala mu lenzi kamachepa. Madzulo ndinkakhala pa laputopu n'kukuza chithunzi chilichonse mu Lightroom, pulogalamu yokonzera zithunzi, mpaka pa 100 peresenti.

Malo oyamba anali pagombe pomwe asodzi amayanika usipa. Ndinasankha dala pamenepa chifukwa thandala lodzaza usipa ndi mayeso ovuta kwa lenzi: tinsomba masauzande, tating'onoting'ono, tonyezimira, toyala kuchokera pamapazi ako mpaka kutali. Kumbuyo kwake kunali maboti, maukonde a chilimira ataunjikidwa, ndi chilumba cha Namalenje chili zii pamadzi.

Pakati pa chithunzi sindinathe kuwasiyanitsa. Ndinasakaniza zithunzizo n'kupempha mwana wanga wamkulu kuti azinditsegulira chimodzichimodzi osandiuza dzina, ndipo ndinalephera kulosera kangapo konse. Ngakhale pa f/2.8, diso la kausipa kamodzi pakati pa thandala linkaoneka bwinobwino pa malenzi onse. Aliyense wokuuzani kuti lenzi ina mwa izi imathwa kuposa inzake pakati, afunika akuonetseni chithunzicho.

Nkhani ili m'makona. Kumunsi kumanzere kwa chithunzi kunali dengu lophimbidwa ndi neti yakale ya udzudzu, ndipo timabowo ta netiyo ndi timene ndinkawerengera. Pa Sigma, ndili pa 16mm ndi f/2.8, kabowo kalikonse kanali pakepake, ulusi uliwonse uli ngwee. Pa Sony yanga, nambala zomwezo, netiyo inkaoneka ndithu kuti ndi neti, koma ulusi unali utayamba kupakana, ngati munthu wapaka chala pa inki yosauma. Pa f/5.6 Sony inadzuka, pa f/8 inafika pafupi kwambiri ndi Sigma moti wosafunafuna sangaone. Koma Sigma sinadikire f/8. Inali itafika kale kuyambira pachiyambi, ndipo nditaibweza pa 14mm, pomwe ndimayembekeza kuti igonja, makona ake anangofewa pang'ono chabe. Ndinakhala chete kwa kanthawi ndikuyang'ana laputopu, chifukwa Sigma imeneyi inatuluka mu 2019 pa mtengo wa madola pafupifupi 1,400, pomwe Sony yanga inatuluka pa madola 2,200.

Batis inandidabwitsa mwa njira ina. Makona ake pa f/2.8 anali akuthwa kuposa a Sony, osafika pa Sigma koma pafupi. Chomwe inali nacho chapadera ndi momwe imalekanitsira chowala ndi chakuda. Matabwa a boti akale aja, opakidwa penti yabuluu yomwe yayamba kusupuka, ankaoneka ngati ungawakhudze ndi dzanja. Sindinganene kuti ndi kuthwa, chifukwa ukawerenga ulusi wa neti Sigma ndi imene ikupambana. Kungoti chithunzi cha Batis chimatuluka mu kamera chili chokhwima kale, pomwe cha Sigma chimafuna uchithire kamchere pang'ono pa kompyuta. Vuto lake ndi kuda m'makona. Pa f/2.8 thambo la m'makona linkachita mdima woonekeratu, ndipo ngakhale pa f/5.6 mdimawo sunathe wonse. Lightroom imachotsa zimenezi ndi batani limodzi, koma kuwalitsa kona yakuda kumadzutsa timchenga m'chithunzi, makamaka usiku. Tifikako.

Ife a tsidya lino la nyanja dzuwa limatitulukira m'madzi. Mlendo aliyense wogona ku Senga Bay amafuna chithunzi cha m'bandakucha, ndipo mwini malo ogona aliyense amafuna chomwecho pa Facebook pake. Choncho lenzi yoopa dzuwa ilibe ntchito kuno. Masiku atatu otsatizana ndinadzuka 5 koloko kukadikira pamchenga, kuzizira kwa July kuli tseketseke.

Ndinkaganiza kuti Sigma ivutika, chifukwa galasi lake lakutsogolo ndi lotukuka ngati diso la chule, ndipo malenzi akale amtundu umenewu ankadzaza timadontho tobiriwira dzuwa likangowalasa. Ayi ndithu. Dzuwa lili pakati pa chithunzi, inali yoyera. Ndikaliika pakona, pankatuluka kadontho kamodzi kapena tiwiri kutsidya lina, tating'ono tosavuta kufufuta. Vuto linabwera dzuwa litakwera pang'ono n'kukhala kunja kwa chithunzi cham'mbali: pamenepo kuwala kunkagwera pa galasi lotukukalo n'kuchita kachifunga mbali imodzi, mpaka ndinkatchinga ndi chipewa, ndipo kawiri konse chipewacho chinalowa m'chithunzi. Pa 14mm ngakhale chigongono chako chimafuna kujambulidwa.

Sony yanga ndimaidziwa khalidwe lake. Imasunga mtundu bwino ikayang'anana ndi dzuwa, koma pa f/11 imatulutsa kamzera ka timadontho kuchokera padzuwa kutsika kumadzi, ndipo tikagwera pa bwato kapena pa nkhope ya munthu ndiye ntchito yakula. Batis ndi imene inapambana m'mawa monse mutatu. Msodzi wina anali ataima m'bwato dzuwa lili kuseri kwa phewa lake, ndipo mbali yamdima ya bwatolo inakhalabe yakuda bii, osatuwa. Za nyenyezi ya dzuwa ija, yomwe imatuluka ukatseka kabowo mpaka f/16, Sony ndi Sigma zonse zili ndi timasamba 11 totsekera kuwala, motero zimatulutsa nthambo 22. Za Sony zinkaoneka zolongosoka kuposa za Sigma, koma ine sindikonda kufika pa f/16 chifukwa pamenepo chithunzi chonse chimayamba kufewa pa lenzi ina iliyonse.

Tsiku lachinayi mwera unadzuka. Amene simunakhalepo kunyanja miyezi ya June ndi July simungamvetse: mphepo imeneyi imachokera kummwera, imautsa mafunde otalika kuposa munthu, ndipo imanyamula mchenga wosalala ndi timadzi touluka n'kumakuwaza kumaso. Apa ndi pomwe ndinayamba kuiopa Sigma.

Sony ili ndi mazinga kutsogolo omangirapo filita ya 82mm. Batis ili ndi ya 77mm. Pa yangayi pamakhala filita yotetezera chaka chonse, ndipo ndasinthapo kale ziwiri zitakalika ndi mchenga. Filita ikakalika umadandaula tsiku limodzi n'kuitanitsa ina. Sigma ilibe pomangira filita kutsogolo. Galasi lotukuka lija lili pamtunda, lotetezedwa ndi kachipewa kake kosachoka kokha basi. Ili ndi kamalo kumbuyo kolowetsamo kafilita kopyapyala kochita kudula ndi sizasi, komwe kamathandiza kuchepetsa kuwala, koma sikateteza chilichonse kutsogolo. Nditaima pamiyala mphindi zisanu zokha, galasilo linali ndi timadontho ndi timchenga tomamatira. Ndinatenga kopopera mphepo n'kupopa kaye, kenako kaburashi, kenako kansalu, manja akunjenjemera, chifukwa kamchenga kamodzi kotsalira pansi pa nsalu kakhoza kujambula mzera pa lenzi ya eni ake. Ndinaibweza m'chikwama ndipo tsiku limenelo sinatulukenso.

Palinso filita ya polaraiza, yomwe imachotsa kunyezimira pamwamba pa madzi. Nyanja ikadekha, ukaizungulitsa pang'ono, madzi amasanduka galasi ndipo miyala ya pansi ndi timbuna timaoneka. Zithunzi zimenezi ndi zimene eni malo ogona amazikonda koposa. Pa Sigma sizitheka popanda kugula chimango chachikulu chapadera ndi mafilita ake okula ngati mbale, zomwe ndi ndalama inanso. Chenjezo kwa amene mukuyamba: polaraiza pa 16mm imadetsa thambo mbali imodzi n'kusiya ina yowala, choncho muziigwiritsa ntchito poyang'ana madzi, thambo lizilowa pang'ono.

Loweruka ndinakwera basi ya msewu wa M5 kupita ku Nkhotakota, ulendo wa makilomita oposa 100, chifukwa ndinkafuna nthambi za mtengo ndi mizere ya nyumba. Pafupi ndi chipatala cha St Anne's pali mkuyu wakale uja womwe David Livingstone anakumana pansi pake ndi Jumbe, mkulu wa malonda a akapolo, mu 1863. Ndinagona chagada pansi pa mtengowo kamera ili kumaso, ana asukulu akundiseka, n'kujambula nthambi zili pa thambo loyera la masana. Nthambi yakuda pa thambo lowala ndi imene imaulula ngati lenzi imataya mitundu, kutanthauza timizere tofiirira ndi tobiriwira totsatira m'mphepete mwa chinthu. Nditazimitsa zokonza zonse mu Lightroom, Sigma inali yoyera pafupifupi paliponse. Batis inali ndi kamzera kochepa kwambiri kumapeto kwenikweni. Sony inali nato toonekera m'makona pa 16mm. Koma kunena zoona izi sizikundidetsa nkhawa, batani limodzi limachotsa zonse ndipo palibe chotsalira.

M'tchalitchi cha All Saints, momwe muli manda a Bishopu Chauncy Maples yemwe anamira m'nyanja mu 1895, ndinapempha chilolezo kwa abambo ena omwe ankasesa. "Jambulani bambo, bola musakwere kuguwa," anatero. Mkatimo muli kamdima ndipo mizere ya makoma ndi mabenchi ndi yowongoka. Malenzi ambiri otambalala amapinda mizere yowongoka kuti ikhale ngati mimba ya mbiya, funso ndi lakuti mochuluka bwanji. Sigma pa 14mm imapinda moonekera, pofika 18mm yawongoka. Sony pa 16mm imapindanso, pofika 24mm yatembenuka n'kuyamba kupindira mkati pang'ono. Batis kupinda kwake n'kochepa koma kosalongosoka, mzera umakwera pakati n'kubwereranso kumapeto ngati ndevu za kampango, moti kuwongola pamanja n'kovuta, umafunika pulofailo yake ya mu Lightroom, yomwe ndi chokonzera chopangidwira lenzi imeneyi. Zonse zikakonzedwa zimawongoka. Chimene chinakhala m'mutu mwanga potuluka n'chakuti pa 14mm ndinakwanitsa denga, mabenchi ndi mawindo a mbali zonse nditaima pakhomo, pomwe ndi Batis ndinabwerera m'mbuyo mpaka msana unagunda khoma, chithunzi n'kukhalabe chodukira.

Usiku womwe ndinkaudikira unabwera mwezi uli mumdima, mwera utagona. Miyezi imeneyi Mlalang'amba umadutsa pafupifupi pamutu penipeni kuno kwathu, ndipo magetsi akazima m'mudzi umaoneka ngati ufa wotayika pa chitenje chakuda. Kunyanja nyali za asodzi a usipa zinali zitandanda ngati tauni yoyandama. Ndinaimika sitandi pamchenga wonyowa, f/2.8, masekondi 15, ISO 3200.

Mkulu wina yemwe ankasoka ukonde pafupi anabwera kudzaima pambali panga. "Achimwene, mdima uno mukujambulamo chiyani?" Nditamuonetsa kumbuyo kwa kamera anagwira pakamwa. "Zonsezi zili kumwambaku? Nanga ife maso athuwa amagwira ntchito yanji?" Anaitana anzake awiri ndipo mayeso anga anaima kaye mphindi makumi awiri, aliyense akufuna ajambulidwe ndi nyenyezi. Kuima osagwedezeka masekondi 15 kunawakanika onse, anatuluka ngati mizukwa.

Nyenyezi ndi kadontho, ndipo lenzi yabwino iyenera kuisiya ili kadontho mpaka kukona. Malenzi ambiri amaimeretsa mapiko, nyenyezi za m'makona n'kumaoneka ngati tiudzudzu touluka. Sigma inasiya timadontho tozungulira pafupifupi mpaka kumapeto, mapiko ake ochita kufunafuna. Sony pa 16mm inachita bwino kuposa momwe ndinkaopera, mapiko aang'ono pa nyenyezi zowala zokha. Batis nyenyezi zake zinali zaudongo, koma kuda kwa m'makona kuja kunabwezera: nditawalitsa makona kuti afanane ndi pakati, timchenga tofiira ndi tobiriwira tinadzuka ngati nyerere. Komanso 18mm inandichepera. Pa 14mm ndinalowetsa nyali za asodzi pansi, bwato patsogolo, ndi Mlalang'amba kukwera mpaka pamwamba. Chithunzi chimenecho ndi chabwino koposa zonse zomwe ndinajambula chaka chimenecho, ndipo ndinachijambula ndi lenzi yobwereka.

Kwa amene nyenyezi ndi ntchito yanu yeniyeni, dziwani kuti pali malenzi otsegula kuposa awa, monga Sony 14mm f/1.8 GM ya mu 2021 kapena 20mm f/1.8 G ya mu 2020. Kuchoka pa f/2.8 kufika pa f/1.8 kuwala kolowa kumaposa kawiri. Koma kuno sindinapezepo munthu wolipira chithunzi cha nyenyezi. Amachiyamikira, amachiika pa sitetasi, basi.

Cholipira ndi ukwati, ndipo Loweruka lachiwiri ndinali nawo. Pokhala ndi chimwemwe cha usiku wa nyenyezi uja ndinalakwitsa: ndinamanga Sigma pa kamera imodzi n'kusiya Sony m'chikwama. Pa nthawi ya zithunzi za mabanja, anthu anachuluka kuposa momwe tinapanganira, malo ndi opanikiza, kumbuyo kwanga kuli tenti. M'malo mowagawa magulu awiri ndinangozungulitsa lenzi mpaka 14mm, onse analowa, ine n'kumadzitama mumtima. Chithunzicho chinali chakuthwa kuyambira kona mpaka kona, mkanda uliwonse ukuoneka. Koma lenzi yotambalala chonchi imakoka chilichonse chokhala m'mphepete. Mayi ake a mkwatibwi anaima kumapeto kumanja. Ndi mayi ochepa thupi, koma m'chithunzimo phewa linatambasuka, nkhope inapita cham'mbali ngati chikho. Ankhoswe aamuna kumanzere mutu unatalika ngati papaya.

Anandiimbira foni Lachiwiri. "Bambo, zithunzi talandira, zikomo. Koma ine mwandinenepetsa chonchi chifukwa chiyani? Anthu kumpingo akundifunsa ngati ndikudwala." Ndinapepesa, ndinakhala usiku ndikukonza, ndipo zinatheka pang'ono chabe. Ichi si chilema cha Sigma, lenzi iliyonse pa 14mm imatero, ndipo Sony pa 16mm imateronso ngakhale mocheperako. Kulakwa kunali kwanga. Koma chinandikumbutsa chifukwa chomwe ndinagulira 16-35 poyamba.

Nthawi ya perekaniperekani wojambula alibe mpata wosintha lenzi. Anthu akuvina, ndalama zikuuluka, fumbi lili kobo, wolengeza akuitana gulu lina. Umafuna chithunzi cha bwalo lonse, ndipo kamphindi komweko agogo a mkwati anyamuka ndi K500 yawo m'manja akuvina pang'onopang'ono, umafuna nkhope yawo. Ndi Sony ndimachoka pa 16 kufika pa 35 ndi dzanja limodzi, ndipo pa 35mm nkhope ya munthu imaoneka ya munthu. Sigma imathera pa 24, pomwe ukayandikira munthu mphuno imakula. Ndivomereze kuti 35mm ndi pomwe Sony yangayi ili yofooka kwambiri: pa f/2.8 imafewa moonekera, makamaka m'mbali, ndipo ndimaitseka pa f/4 ndikapeza kuwala kokwanira. Komabe 35mm yofewa pang'ono imandipatsa chithunzi cha agogo, chomwe Sigma ndi kuthwa kwake konse singandipatse.

Ndiye pali WhatsApp. Makasitomala anga ambiri amalandira zithunzi pafoni, ndipo WhatsApp imazifinya pokhapokha utumize ngati dokyumenti. Ulusi wa neti uja ndinkawerenga pa laputopu sufika n'komwe pafoni ya mkwatibwi. Amene amaona kusiyana ndi eni malo ogona omwe amasindikiza chithunzi chachikulu chopachika pa risepishoni, ndi mabungwe omwe amafuna zithunzi za malipoti ndi mabanala. Amenewo alipo, ndipo amalipira bwino, koma sabwera mwezi uliwonse.

Za kulemera ndinene mwachidule. Sigma ndi magalamu 795, Sony 680, Batis 330 yokha. Tsiku lomwe ndinayenda wapansi kuchokera kumsika mpaka kugombe ndi Batis pakhosi ndinaiwala kuti ndanyamula kamera. Ili ndi kawindo kowala pamwamba koonetsa mtunda womwe lenzi yalunjika, komwe masana ndinkati n'kachibwana, koma usiku wa nyenyezi kanandithandiza kupeza malo mumdima osayatsa tochi. Mphira wake wosalala umagwira fumbi la Salima ngati ulimbo. Dzina lakuti Batis a Zeiss analitenga ku kambalame kakang'ono ka muno mu Africa, kakuda ndi koyera, komwe kamapezeka m'nkhalango zathu zomwezi. Kampani ya ku Germany, lenzi yopangidwa ku Japan, dzina la mbalame ya kwathu, mtengo wake woti mwini mbalameyo sangaufike.

Batis ya msuweni wangayi inali ndi nkhani ina. Usiku wina ndinaichotsa pa kamera n'kuwalitsa tochi ya foni kuchokera kumbuyo, monga ndimachitira ndi lenzi iliyonse yogwiritsidwa kale ntchito. Cham'mphepete mwa galasi lamkati munali kaulusi koyera kokhala ndi nthambi, ngati kangaude wamng'ono wayamba kumanga. Chuku. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Pazithunzi sichinkaoneka, koma chuku sichiima, chimakula, ndipo chinyontho cha kunyanja kuno miyezi ya mvula ndi chakudya chake. Amene mukugula lenzi pamanja, yesani tochi imeneyi musanapereke ndalama. Yesaninso kujambula chinthu chakutali, monga phiri la Senga, mukuchiika pakona iliyonse mwa makona anayi pa f/2.8. Kona imodzi ikafewa kuposa zinzake, magalasi a mkati anasuntha, mwina lenziyo inagwapo. Malenzi otambalala osinthasintha ngati 16-35 amakonda vuto limeneli ngakhale ali atsopano, choncho zomwe ndaona pa yangayi mwina sizingafanane ndendende ndi yanu. Kunyumba malenzi anga amakhala m'chidebe cha pulasitiki chotseka bwino, muli timapaketi ta silika tomwe ndimatiumitsa padzuwa kapena pa mbaula tikakhuta chinyontho.

Mtengo uliwonse ndatchula pano ndi wa madola pa nthawi yomwe lenziyo inatuluka. Sindikuika wa makwacha chifukwa chiyambire kugwa kwa kwacha ndi 44 peresenti mu November 2023, mtengo womwe ungauzidwe lero sukhala womwewo mwezi wamawa, ndipo malenzi otere sapezeka pa shelefu kuno. Umachita kutuma munthu wochokera ku Johannesburg, ku Dubai kapena ku UK, n'kuwerengeranso msonkho. Ikawonongeka, ulendo wake ndi womwewo wobwerera. Sony inatulutsa 16-35 GM II mu 2023, yopepuka, magalamu 547, ndipo kubwera kwake kwatsitsako mtengo wa yoyambayi pamsika wa zogwiritsidwa kale ntchito, zomwe ndi nkhani yabwino kwa wogula ndi yowawa kwa ine.

Mukandifunsa kuti pa atatuwa ndi iti yotulutsa chithunzi chabwino koposa, ndi Sigma, ndipo sindikuchita kuganizira kawiri. Makona, nyenyezi, mitundu, zonse ili patsogolo, pa mtengo wotsika kuposa Sony. Wojambula nyumba, zipinda, matchalitchi ndi malo, amene amagwira ntchito modekha ndi sitandi, atenge imeneyi ndipo aziisamala pamchenga. Batis ndi ya munthu woyenda, wokonda dzuwa la m'mawa, amene wavomera kuti miyendo yake ndiyo izisuntha. Ndikanaigula ikanakhala yopanda chuku, ngakhale kuti pa ntchito yanga sindikuifuna kwenikweni. Ndinamuuza msuweni wanga zoona, anakhumudwa, ndipo anati akaitsukitsa akabwerera ku Johannesburg.

Ine ndikukhalabe ndi Sony, yomwe pa mayeso angawa sinapambane paliponse kupatula nthambo za dzuwa. Mnzanga atabwera kudzatenga katundu wake ndinamuonetsa chithunzi cha Mlalang'amba, kenako cha mayi a mkwatibwi. Anaseka mpaka kukhala pansi pakhonde. Atapukuta misozi anayang'anitsitsa galasi la Sigma yake padzuwa, mbali ino ndi mbali inayo, ine mtima uli m'mwamba. Sanapezepo mzera. Tinagwirizana kuti mwini malo ogona wina akadzafuna zithunzi za zipinda ndizimuimbira, aziitumiza pa basi ya m'mawa itakulungidwa m'thaulo, ine ndizimugawirako pa malipirowo.